Mutu Wosamva Mankhwala: Khansa ya Thumba la Mazira Ikafika ku Zikutiro za Ubongo

Pa chipatala chaching'ono cha Manyamula, monganso pa zipatala zina za kummwera kwa boma la Mzimba, dandaulo limene limamveka koposa pa mzere wa odwala ndilo la mutu. Ambiri mwa odandaulawo amapezeka ndi malungo, ena ndi chimfine, ena ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ena amakhala atangopsa ndi dzuwa la kumunda. Amalandira mankhwala nabwerera kwawo, ndipo pakutha pa masiku atatu mutu uja umakhala utaiwalika. Koma ulipo mutu wina umene sumva Panado kapena LA, umene umakulirakulira sabata ndi sabata, nudza pamodzi ndi kusanza ndi kusaona bwino. Mutu wotere ukagwira mayi kapena mtsikana amene anachitidwapo opaleshoni ya chotupa cha m'thumba la mazira, pamafunika kuganiza mozama, pakuti nthawi zina umakhala chizindikiro chakuti khansa yafika ku zikutiro za ubongo.

Nthendayi ndi yosowa kwambiri. Wachipatala angathe kugwira ntchito kumudzi kufikira atapuma osakumana nayo ngakhale kamodzi. Komabe alangizi a zaumoyo, anamwino, azamba ndi mabanja ayenera kuidziwa, chifukwa mafunso amene amaiulula ndi omwewo amene amaululanso matenda ena oumitsa khosi amene amachizika. Chinanso, wodwala nthendayi alibe masiku ambiri oti awataye akumwa mankhwala a malungo amene alibe.

Matumba a mazira ndi khansa zake

Mkazi ali ndi matumba a mazira awiri, amene mabuku ena amawatcha mabasiketi a mazira, lina kumanja ndi lina kumanzere kwa chiberekero. Lirilonse ndi lalikulu ngati dzira la nkhunda. Ntchito yake ndiyo kusunga mazira, kutulutsa dzira mwezi ndi mwezi, ndi kupanga mahomoni amene amayendetsa msambo. Popeza matumbawa ali m'kati mwenimweni mwa mimba, chotupa chimatha kukula miyezi yambiri osadziwika. Mayi amangomva kuti mimba yadzaza, amakhuta atangodya mbamu zitatu za nsima, amakodza pafupipafupi, ndipo siketi imayamba kumthina m'chiuno pamene nkhope ndi manja zikuwonda.

Pano pali chinthu chimene amayi ambiri amasokoneza. Kuyeza khomo la chiberekero ndi viniga, kumene kumachitika m'zipatala zambiri, ndiponso katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse m'chaka cha 2019, ndi zida zabwino zolimbana ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iriyonse. Koma namwino woyeza ndi viniga saona matumba a mazira. Mayi amene wauzidwa kuti khomo liri bwino, koma mimba ikupitirira kutupa, ayenera kupita ku chipatala chachikulu cha boma kuti akamjambule m'mimba pa sikani.

Mwa khansa 10 zirizonse za thumba la mazira, pafupifupi 9 zimayambira pa khungu lakunja la thumbalo kapena kumapeto kwa njira ya dzira, ndipo kawirikawiri zimagwira amayi amene anasiya kusamba. Zotsalazo ndi za mitundu yosowa, ndipo ndizo zimene zimanyenga anthu, chifukwa zambiri zimagwira achichepere. Mtundu wina umayambira m'maselo amene amapanga mazira enieniwo. Umagwira atsikana ndi amayi osakwana zaka 30, umakula mofulumira, ndipo zotupa zina za mtundu umenewu zimatulutsa homoni yofanana ndi ya mayi woyembekezera. Motero mtsikana wa sukulu angathe kutupa mimba, nayezedwa mkodzo, napezeka ngati ali ndi pakati, chonsecho sanadziwepo mwamuna. Mwana wotere akakana, makolo ndi aphunzitsi asafulumire kumtcha wabodza. Sikani ndiyo iweruze mlanduwo. Chosangalatsa ndi chakuti khansa ya mtundu umenewu imamva bwino mankhwala, ndipo ambiri amene ayamba chithandizo msanga amachira, enanso nadzabereka.

Mtundu wina, wotchedwa granulosa, umayenda pang'onopang'ono, umasokoneza msambo, ndipo uli ndi khalidwe lobwereranso patapita zaka 10 kapena kuposerapo, mwini wake ataiwala kale za opaleshoni. Palinso wina wa maselo ang'onoang'ono, umene Robert Scully ndi anzake a ku Boston anaulongosola m'chaka cha 1982. Umenewu ndi waukali zedi, umagwira amayi a zaka za m'ma 20, ndipo umachulukitsa kashiamu m'magazi kotero kuti wodwala amamva ludzu losatha ndi kufooka.

Koma kuno kwathu chotupa cha m'thumba la mazira la mwana wamkazi chimakumbutsa madokotala nthenda ina, khansa ya Burkitt. Anthu amaidziwa ngati chotupa cha nsagwada, koma mwa atsikana imakondanso matumba a mazira, nthawi zambiri onse awiri pamodzi. Denis Burkitt anailongosola ali ku Uganda m'chaka cha 1958, ndipo m'chaka cha 1961 anayenda ulendo wautali wa pa galimoto, wodzeranso ku Nyasaland, akufunsa m'zipatala kumene ana a zotupazi amachokera. Anapeza kuti nthendayi imatsata madera otentha ndi a mvula, kumene malungo sakata nyengo. Khansa imeneyi ndiyo imapezeka koposa mwa ana a m'Malawi. Imakula mwaliwiro, mwakuti chotupa chimatha kuwirikiza m'masiku awiri okha, ndipo imathamangira ku zikutiro za ubongo kuposa khansa zina zonse zimene zatchulidwa pano.

Zikutiro za ubongo ndi m'mene khansa imafikirako

Ubongo sukhudzana ndi fupa la chigaza. Unakutidwa ndi zikutiro zitatu, zimene zimatsikanso m'ngalande ya fupa la msana kukakuta chingwe cha mitsempha chochokera ku ubongo. Chikutiro chakunja ndi cholimba ngati chikopa chofufuta. Chapakati ndi chopyapyala, cha ulusi wonga wa kangaude. Cham'kati chimamatirira ku ubongo monga m'mene kakhungu kofiira kamamatirira ku njere ya mtedza. Pakati pa chikutiro chachiwiri ndi chachitatu pamayenda madzi oyera ngati a pa kasupe, amene amasunga ubongo kuti usagundike. Madziwa sachuluka: munthu wamkulu ali ndi mamililita pafupifupi 150, ndilo theka la botolo la Fanta. Koma thupi limapanga atsopano pafupifupi mamililita 500 tsiku lirilonse, ndipo akale amabwerera m'magazi kudzera pa tizibowo ting'onoting'ono.

Khansa ya thumba la mazira kawirikawiri imafalikira m'mimba momwemo, nidzaza mimba ndi madzi. Ku ubongo imafika mwa wodwala mmodzi kapena awiri pa 100 aliwonse, ndipo ku zikutiro imafika mwa ocheperapo ndithu. Khansa za bere, za mapapo ndi za khungu lakuda ndizo zimakonda kupita kumeneko. Maselo a khansa amafikako kudzera m'magazi, kapena kuchokera pa chotupa chimene chamera pa fupa la msana kapena mu ubongo. Akalowa m'madzi aja amatengedwa ponseponse pamene madziwo amafika, namera mopyapyala ngati ndere pa mwala wa mumtsinje. Amatseka tizibowo totulukira madzi, motero madzi amapanikiza ubongo, mutu nupweteka. Amakutanso mitsempha pa malo amene imatulukira kupita ku maso, ku makutu, ku nkhope, ku miyendo ndi ku chikhodzodzo.

Dokotala wa Chijeremani, Karl Eberth, analemba za vuto limeneli m'chaka cha 1870, koma likuoneka kwambiri masiku ano kusiyana ndi kale, ndipo chifukwa chake ndi chodabwitsa. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo iri ndi mpanda umene umatchinga ziphe kuti zisalowe. Mpanda womwewo umatchinganso mankhwala ambiri a khansa. Tsono mankhwala a m'dripi angathe kugonjetsa khansa m'mimba, mayi nanenepa, nabwerera kumunda, pamene maselo ochepa abisala kuseri kwa mpandawo. Odwala akale ankamwalira maselowo asanakule. A lero, pokhala ndi moyo wotalikirapo, ena amafika pokumana nawo.

Zizindikiro zimene sizigwirizana

Chimene chimadziwitsa nthendayi si chizindikiro chimodzi, koma zizindikiro za malo otalikirana zimene zadza nthawi imodzi. Mutu umapweteka kwambiri m'mamawa ndiponso pogona chagada, ndipo kusanza kumadza mwadzidzidzi. Pamwamba pa zimenezo mayi amaona zinthu ziwiriziwiri, kapena khutu limodzi limagontha, kapena mbali imodzi ya nkhope imagwa, kapena chibwano chimachita dzanzi. Kumunsi, msana umapweteka mpaka ululu kutsikira m'miyendo, miyendo imalemera, ndipo mkodzo umakana kutuluka kapena umatuluka wokha. Ena amasokonezeka maganizo, amagona kwambiri, kapena amagwa ngati akhunyu. Khosi limauma mwa ochepa okha, ndipo thupi nthawi zambiri silitentha. Munthu amene ali ndi diso lopenya kumbali ndi mwendo wofooka, popanda malungo, sadwala matenda awiri ayi. Pali chinthu chimodzi chimene chikukhudza malo onsewo.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wa zaka 27 wa m'mudzi wina wa kufupi ndi Manyamula anachotsedwa chotupa cha m'thumba la mazira chaka chatha, nalandira mankhwala a m'dripi ku chipatala chachikulu. Anachira, ndipo kabuku kake ka kuchipatala katadzaza anagula kena, kakale nakaika pansi pa sutikesi. Mwezi wa Januwale mutu wayamba. Ndi nyengo ya malungo, tsono agula mankhwala pa golosale. Sabata yachiwiri apita ku chipatala ndi kabuku katsopano, kamene sikanena kanthu za khansa. Iye mwini satchula za opaleshoni, pakuti kwa iye mimba ndi mutu ndi zinthu zosiyana. Sabata yachitatu ayamba kuphonya chikho pothira madzi, chifukwa akuona zikho ziwiri. Apongozi ake aona kuti akuyankha zosagwirizana ndi funso, ndipo banja liyamba kunong'onezana za mizimu. Mwamuna ali ku Johannesburg, ndipo palibe amene afuna kulamula ulendo wa ku boma iye asanavomereze. Mwezi watha chotero.

Mwezi umenewo ukanapulumutsidwa ndi mafunso atatu, amene mlangizi wa zaumoyo angafunse ali pa khonde: "Amama, kodi munachitidwapo opaleshoni ya pamimba? Anakuuzani kuti anachotsa chiyani? Kabuku kanu kakale kali kuti?" Chipsera cha pamimba sichinama, ndipo wachipatala amene akuyeza mayi wa mutu wosatha achita bwino kuchiyang'ana. Ndi bwinonso kufunsa ngati pamtundu pali ena amene anadwala khansa ya bere kapena ya thumba la mazira, pakuti mbewu ya nthendayi imatha kuyenda m'magazi a banja, ndipo imadzera kuchimuna monga momwe imadzera kuchikazi. Mbiri ya azakhali ndi yofunika chimodzimodzi ndi ya amayi.

Za mizimu ziyenera kunenedwa mwaulemu. Ku Mzimba mayi wa mutu, wosokonezeka ndi wakugwa amaganiziridwa msanga kuti ali ndi vimbuza, gule wochiza amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'chaka cha 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ng'oma zimatonthoza ambiri amene mtima wawo walemedwa, ndipo palibe chifukwa chozinyozera. Koma ng'oma sizitsegula tizibowo totsekeka ta madzi a mu ubongo. Mlangizi wanzeru amapalana ubwenzi ndi asing'anga a m'dera lake, nawapempha chinthu chimodzi chokha: wodwala wa diso lopotoka, nkhope yakugwa, mwendo wakufa kapena mkodzo wotsekeka atumizidwe ku chipatala tsiku lomwelo.

Madzi a mumsana

Wodwala wotere akafika ku chipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni cha Embangweni, madokotala amayamba aganiza za matenda amene amapezeka kawirikawiri, ndipo amachita bwino kutero. Mwa akuluakulu m'Malawi, matenda oumitsa khosi ambiri amayamba ndi kafangasi kotchedwa Cryptococcus, kamene kamagwira anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Ena amayamba ndi chifuwa chachikulu, enanso ndi mabakiteriya. Onsewa ali ndi mankhwala. Kafukufuku amene mbali yake ina inachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2022, anasonyeza kuti dripi imodzi yamphamvu ya amphotericin, yotsatiridwa ndi mapiritsi a masiku 14, imachiza Cryptococcus mofanana ndi njira yakale ya madripi a sabata yathunthu. Mayi amene anadwalapo khansa angathenso kudwala matenda amenewa, ndipo kungakhale kulakwa kwakukulu kumgonetsa kunyumba poganiza kuti khansa yabwerera, pamene akudwala nthenda yochizika.

Njira yosiyanitsira ndiyo kutenga madzi a mumsana. Njirayi si yachilendo. Heinrich Quincke anaiyamba ku Germany m'chaka cha 1891. Komabe mabanja ambiri amaikana, ati munthu akabayidwa pamsana amafa kapena kupuwala. Mantha amenewa ali ndi gwero lake. Amene amatengedwa madzi nthawi zambiri ndi odwala amene afika mochedwa, ali kayakaya, ndipo akamwalira mawa lake achibale amakumbukira singano, osakumbukira masabata amene anakhala kunyumba. Zoona zake ndi zakuti singano imalowa m'munsi mwa msana, pamalo pamene chingwe cha mitsempha chatha kale, ndipo madzi amene atengedwa thupi limawabwezera ola lisanathe. Kwa ambiri mutu umayamba kupepuka pomwepo. Alipo odwala ochepa amene sayenera kubayidwa, makamaka amene ali ndi chotupa chachikulu mu ubongo, ndipo ndicho chifukwa chake dokotala amayamba wayeza maso, manja ndi miyendo asanatenge singano.

Vuto la khansa ya m'zikutiro ndi lakuti madzi ake amafanana kwambiri ndi a chifuwa chachikulu cha mu ubongo: shuga amatsika, mapuloteni amakwera, ndipo maselo oyera amachulukirapo. Makina a GeneXpert akalephera kupeza TB m'madzimo sizitanthauza kuti TB palibe, motero dokotala angathe kuyambitsa mankhwala a TB moyenera ndithu. Koma ngati Cryptococcus sanapezeke, mankhwala a TB sakusintha kanthu, ndipo mayiyo ali ndi mbiri ya chotupa, madziwo ayenera kuonedwa ndi katswiri wofufuza maselo a khansa pa maikulosikopu. Akatswiri otere ali m'zipatala zikuluzikulu. Labotale ya ntchito imeneyi ku Kamuzu Central inatsegulidwa m'chaka cha 2011. Maselo a khansa amaonongeka m'maola ochepa, kotero madzi amene agona m'botolo podikira galimoto sathandiza. Pamafunika mamililita 10 kapena kuposerapo, ofika msanga, ndipo kawirikawiri ndi bwino kutumiza wodwalayo kusiyana ndi kutumiza botolo.

Achibale ayeneranso kudziwiratu kuti kuyeza koyamba kumapeza maselo a khansa mwa theka lokha la odwala amene alidi ndi nthendayi. Kuyeza kwachiwiri kumafikitsa chiwerengerocho pa odwala pafupifupi 3 mwa 4 aliwonse. Dokotala akapempha kubaya kachiwiri, sikuti analakwitsa poyamba, kapena kuti akuphunzirira pa wodwala. Makina a MRI, amene oyamba m'dziko muno anaikidwa ku Queen Elizabeth m'chaka cha 2008, amaonetsa zikutiro zotupa bwino kuposa makina ena ojambulira.

Chimene chithandizo chingachite

Apa pafunika kulankhula mosabisa. Ngati chotupa chinali cha Burkitt, nkhondo ikadalipo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakonza njira ya mankhwala yogwirizana ndi zipatala za kuno, ndipo ndi njira zoterozo pafupifupi theka la ana ankachira. Mbali ina ya chithandizocho ndiyo kuthira mankhwala a methotrexate m'madzi a mumsana kuyambira pachiyambi, khansa isanafike n'komwe ku zikutiro, kuti mankhwala alumphe mpanda uja. Kholo limene lithawitsa mwana ku wodi chifukwa chotupa chaphwa, kapena chifukwa choopa jekeseni wa pamsana, limatsegulira khansa khomo la ku ubongo. Khansa ya maselo opanga mazira nayonso imatha kumva mankhwala ngakhale itafalikira.

Koma kwa mayi wamkulu amene khansa ya thumba la mazira yafika ku zikutiro, kuchira kotheratu sikuyembekezeka, ngakhale ku maiko olemera. Popanda chithandizo ambiri amakhala masabata 4 mpaka 6. Ndi chithandizo ambiri amafika miyezi 2 mpaka 4, ndipo owerengeka amapitirira pamenepo. Cholinga chimakhala kuchepetsa ululu ndi kusunga maso, miyendo ndi nzeru kwa nthawi yotalikirapo. Mankhwala a dexamethasone amaphwetsa kutupa, ndipo nthawi zambiri mutu ndi kusanza zimachepa m'masiku ochepa. Kuwotcha ndi cheza pa malo amene akuvuta koposa kumathandiza ena. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna chithandizo cha cheza ankatumizidwa kunja, makamaka ku India, koma makina oyamba anayamba ntchito pa chipatala china choyima pachokha ku Blantyre m'chaka cha 2024, ndipo chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe chinatsegulidwa m'chaka cha 2025. Ku maiko ena amaika kachikho pansi pa khungu la pamutu kothiriramo mankhwala, kamene Ayub Ommaya anakakonza m'chaka cha 1963, koma ngakhale kameneko kamangoonjezera masabata.

Kuchokera ku Mzimba kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 100, ndipo kukafika ku Lilongwe ndi oposa 250. Banja lisanagulitse ng'ombe kapena chimanga cha m'nkhokwe liri ndi ufulu wofunsa dokotala mwachindunji kuti, "Adokotala, kodi ulendowu ndi wokachiza kapena wokachepetsa ululu? Nanga akanakhala mlongo wanu mukanatani?" Mayi amene akuyendabe ndi kudzidyera yekha angapindule ndi ulendowo. Amene sakudzukanso pa mphasa kawirikawiri amapindula koposa ndi kukhala pakati pa ana ake. Mwini matenda, ngati nzeru zikadalipo, ayenera kumva choonadi ndi kunena mawu ake. Chizolowezi chouza achibale okha kuseri kwa chitseko chimamlanda mpata wolongosola za ana ndi za munda. Mwamuna amene ali ku Joni auzidwe pa foni mawu omveka, akuti ngati afuna kudzalankhula ndi mkazi wake anyamuke sabata ino, asadikire malipiro a kutha kwa mwezi.

Kusamalira wodwala pakhomo

Choyamba chimene mlangizi wa zaumoyo ayenera kulengeza pa mudzi ndi chakuti nthendayi sipatsirana. Anthu akamva za zikutiro za ubongo amakumbukira matenda oumitsa khosi a mabakiteriya, amene amabuka m'chirimwe, amafala ndi malovu ndi mpweya, ndipo ayenera kunenedwa ku ofesi ya zaumoyo mwamsanga. Khansa siri choncho. Palibe chifukwa chompatulira mbale, chikho kapena nyumba, ndipo ana angathe kukhala pa mphasa ya mayi wawo. Ukhondo wofunika ndi wa masiku onse: kusamba m'manja ndi sopo, kuchapa zofunda zonyowa, ndi kutaya zonyansa m'chimbudzi.

Ululu sufunika kupirira. Chiyambire pamene bungwe la Palliative Care Association of Malawi linakhazikitsidwa m'chaka cha 2005, anamwino ndi madokotala ambiri a m'zipatala za maboma ndi za mishoni aphunzitsidwa kusamalira odwala matenda osachiritsika, ndipo mofini wakumwa ndiye chida chawo chachikulu. Mofini amamwedwa potsata wotchi, maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu ubwerere. Safulumizitsa imfa akamwedwa pa muyeso umene wachipatala walemba. Amaumitsa m'mimba, motero wodwala apatsidwenso mankhwala ofewetsa chimbudzi, madzi okwanira ndi mapapaya akupsa. Dexamethasone amwedwe m'mawa atadya, ndipo asasiyidwe mwadzidzidzi.

Mutu wa wodwala ukwezedwe ndi mtsamiro kapena bulangete lopinda, pakuti kugona chathyathyathya kumaonjezera kupanikiza kwa madzi. Chipinda chikhale cha mthunzi ndi chopanda phokoso, ndipo odzazonda alowe awiriawiri. Woona ziwiriziwiri amapeza mpumulo akaphimbidwa diso limodzi ndi kansalu koyera. Amene miyendo yafa atembenuzidwe maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, ndipo m'chiuno, m'zidendene ndi m'mapewa muziyang'anidwa tsiku ndi tsiku, chifukwa zironda za pogonera zimayamba ngati kadontho kosintha mtundu, koma zikakula sizipola. Phala likhale lofewa, lomwetsedwa pang'onopang'ono wodwala atakhala tsonga. Akayamba kutsamwa asakakamizidwe, kunyowetsa milomo n'kokwanira. Akagwa ngati wakhunyu agonekedwe chammbali, kutali ndi moto, ndipo m'kamwa musaikidwe supuni kapena chala. Mkodzo ukatsekeka kwa tsiku lathunthu, m'munsi mwa mimba mutatupa, ayenera kuikidwa kapaipi ku chipatala. Kubuula kwina kumene achibale amayesa kuti ndi kwa khansa kumatha pompo chikhodzodzo chikatsitsidwa.

Ntchito yonseyi siyenera kusiyidwa kwa mwana wamkazi mmodzi wochotsedwa pa sukulu. Mlangizi akhale pansi ndi apongozi, alamu, amayi a mpingo ndi nyakwawa, agawane masiku ndi mausiku. Asankhenso munthu mmodzi wa njinga amene adzakhala wokatenga mankhwala. Ameneyo aziyang'ana botolo la mofini madzulo aliwonse, nanyamuka kukatenga lina kukadali mankhwala a masiku atatu, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene misewu ya fumbi imaterera ndipo mitsinje imadzaza. Popita atenge timabuku tonse tiwiri ta wodwalayo, katsopano ndi kakale komwe.